Phewa la Zaria

Atsikana anali asanapume n'komwe pamene mayi wina wovala malaya akuda a bungwe loyendetsa mpikisano anamugwira Marcelle Guidry pachigongono.

"Ndinu kochi wa timu ya ku Opelousas? Akukufunani ku tebulo la chitetezo."

Marcelle anacheukira ana ake. Anali atangotsika pabwalo, thukuta lili kamukamu, akukumbatirana ndi kudumphadumpha, mariboni atapendekeka m'mutu. Palibe amene anagwa, palibe amene anaphonya sitepe. Chiyambireni chaka anali asanachitepo bwino chotere, ndipo anachitira mu holo yaikulu ya ku Houston, anthu atadzaza mpaka kukhomo. Terrell, womuthandiza wake pa ntchito ya ukochi, anali atanyamula mtsikana wina paphewa n'kumazungulira naye ngati wazungulira mutu.

"Mutsitse mwanayo, iwe," anatero Marcelle. "Pita nawo akamwe madzi. Ndikupezani."

"Kwagwanji, madamu?"

"Sindikudziwa. Tapita."

Koma mumtima ankadziwa. Ku tebulo la chitetezo samuitanira munthu kuti akamuyamikire.

Marcelle anali ataphunzitsa masewera a ochemerera kwa zaka zambiri, m'nyumba yakale yosungiramo matayala imene anaiyala matiresi n'kuisandutsa malo ophunzirira. Atsikana ake ankavina, kudumpha, kunyamulana ndi kuponyana m'mwamba motsatira nyimbo, ndipo m'mipikisano ya kufupi ndi kwawo ankapambana ndithu. Koma ku mpikisano waukulu wa ku Florida anali asanafikeko. Njira yopitira kumeneko inali ya ku Houston konkuno: kuonetsa Loweruka, kuonetsanso Lamulungu, mapointi n'kuphatikizidwa, matimu atatu oyamba n'kupita.

Chaka chino chiyembekezo chake chonse chinali pa nsanja yotsekera. Atsikana awiri, Shelby ndi Noemi, ankakwezedwa ndi anzawo, wina mbali iyi wina mbali iyo. Pakati pawo Zaria Batiste, wochepa thupi koma wolimba ngati waya, ankaponyedwa m'mwamba awiriwo atamugwira manja, n'kupidiguka mutu pansi miyendo m'mwamba. Akangowongoka, Shelby ndi Noemi ankamusiya, iye n'kugwera m'manja mwa anzake atatu omuwakha pansi. Kulikonse kumene anachita zimenezi, anthu ankaimirira m'mipando.

Woweruza wa chitetezo anali mayi wachikulire wa imvi zometa bwino, magalasi akulendewera pachifuwa ndi kachingwe. Dzina lake linali Mayi Pruitt. Anamwetulira n'kumulozera mpando.

"Khalani, Mayi Guidry. Ana anu achita bwino kwambiri, ndisaname."

"Zikomo. Koma simunandiitanire zimenezo."

"Ayi ndithu."

Anatembenuza kompyuta kuti onse awiri aziona, n'kuyendetsa kanema pang'onopang'ono. Zaria anakwera, anapidiguka, mutu unabwerera m'mwamba, zala za Shelby ndi Noemi zinatseguka. Mayi Pruitt anaimitsa kanemayo pomwepo, mwana ali lende m'malere.

"Apa. Wamugwira ndani?"

"Palibe. Akutsika. Omuwakha si awo, atatu, manja ali chire?"

"Lamulo likuti wopidiguka pansanja akhale wogwiridwa manja onse awiri mpaka kupidiguka kutatha. Ndadula mapointi. Si inu nokha, ndadulanso timu ya ku Dallas pa nkhani yomweyi."

Marcelle anaseka kuseka kouma. "Mayi, taonaninso bwino. Mutu uli m'mwamba, mapazi aloza pansi. Akupidigukanso chiyani pamenepo? Kupidiguka kwatha."

"Kumatha akamuwakha."

"Zalembedwa pati zimenezo?"

"Ndi mmene timawerengera."

"Mumawerengera inu ndi ndani? Ku Baton Rouge tinachita chomwechi, sanadule. Ku Biloxi chomwechi, woweruza anachita kubwera kudzandigwira chanza."

"Ine ku Biloxi kunalibe."

Marcelle anatulutsa foni. "Ndinatumiza kanema ku ofesi yanu mipikisano isanayambe. Onani yankho lawo. Akuti sakuonapo vuto."

Mayi Pruitt anavala magalasi, anawerenga modekha, kenaka n'kuloza ndi chikhadabo mzere wa pansi penipeni. Mzerewo unkati chigamulo chomaliza ndi cha woweruza wa pa tsikulo.

Marcelle anaika foni patebulo.

"Tamverani, mayi. Poyamba tinkachita mmene mukuneneramo. Koma mwana uyu ndi wamfupi, ndipo manja ake ndi aafupi. Akamatsika anzakewo atamugwirabe, iwo ali m'mwamba, manja amakokedwera kumbuyo chonchi." Anakweza manja ake kusonyeza. "Mwezi wa Okutobala phewa linaguluka. Ndinalimva ndi makutu angawa. Dokotala anati likagulukanso ndi nkhani ya opaleshoni. Ndiye ndinakhala pansi ndi buku lanu lomweli, ndinaliwerenga mpaka maso kuwawa, n'kupeza njira yoti mwana asavulale komanso lamulo lisathyoledwe. Lero mukundilanga chifukwa choteteza mwana, n'kumati ndi chitetezo?"

Mayi Pruitt sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chinamupsetsa mtima kwambiri Marcelle.

"Ndikukumvetsani. Koma ine ndinaonapo mtsikana amene anzake anamusiya msanga. Ankaganiza kuti wawongoka, chonsecho anali asanawongoke. Anafikira khosi. Lamulo silinalembedwere Zaria wanu yekha. Linalembedwera ana onse ndi makochi onse, ena osadziwa zimene mumadziwa inuyo. Ngati manja ake ndi aafupi, tsitsani ogwirawo, kapena ikanipo mwana wina."

"Pofika mawa? Nsanja imene takhala tikuimanga miyezi yonseyi?"

"Kapena chotsani kupidigukako. Mukabweretsanso chonchi mawa, ndidulanso. Ndakuuziranitu."

Mapointi atatuluka, timu ya ku Opelousas inali yachisanu. Popanda chilangocho ikanakhala yachiwiri.

Terrell anamva nkhaniyi ali mukhonde, akudya soseji ya boudin imene anabwera nayo kuchokera kwawo. Anasiya kutafuna.

"Gogo ameneyu wadzuka bwanji lero? Mwamuuza za phewa?"

"Ndamuuza."

"Ndiye?"

"Akuti akundimvetsa."

"Aaa, kumvetsa kwake n'komweko?" Terrell anatsonya. "Madamu, ine ndikuti tisasinthe kanthu. Tichite chomwecho mawa. Mwina magalasi amuthawa, mwina aphethira nthawi yolakwika. Oweruza awa, wina akuti chakuda, wina akuti choyera. Ifeyo tizisintha nsanja ngati malaya?"

"Wandiuza m'maso muno kuti adulanso. Akadula kawiri ndiye tatheratu."

"Nanga tikachotsa kupidiguka sititha? Mapointi a zovuta tiwatenga kuti?"

Zimene ankanena Terrell zinali zoona, ndipo zimene ankanena Marcelle zinalinso zoona.

Chakumadzulo timu yonse ndi makolo anapita kukadya nthiti za ng'ombe zowotcha pafupi ndi hotela. Nkhani inali itafala kale. Makolo ankanong'onezana, ena atatsegula buku la malamulo pafoni, aliyense wasanduka loya. Marcelle anali asanalume n'komwe nyama pamene Odessa Batiste, mayi ake a Zaria, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. Zaria anaima kumbuyo kwa mayi ake, manja ali m'thumba la jekete.

"Asisi, tamva," anayamba Odessa. "Nkhani yake ndi yophweka. Akufuna agwiridwe? Agwiridwe basi."

"A Odessa, kuchipatala kuja tinali limodzi."

"Phewa linapola. Wakhala akuchita zonse zimene anamuuza dokotala, m'mawa ndi madzulo, ine mboni. Mwana uyu ndi chaka chake chomaliza. Makochi a ku makoleji amapita ku Florida kukasankha ana oti aziphunzira ulere, sabwera ku Opelousas. Inu mukudziwa zimenezo kuposa ine."

"Ndikudziwa."

"Ndiye vuto lili pati? Mayi wake ndine. Ine ndalola."

"A Kochi," anatero Zaria, mawu ali pansipansi. "Ndimanga bandeji yolimba. Ndi kamodzi kokha. Ndikudziwa mmene ndingapindire chigongono kuti lisakoke."

Marcelle anamuyang'ana. Anamudziwa mwanayu ali ndi mano a mkaka, akulephera kuima ndi manja, akulira koma osafuna kupita kunyumba. Anakumbukiranso mmene analili pamatiresi tsiku lija, dzanja likulendewera ngati si lake, nkhope itatuwa, osalira n'komwe chifukwa cha ululu.

"Sitinayesererepo kukugwira mpaka pansi chichokereni Okutobala. Ukufuna tikayesere koyamba pamaso pa oweruza, nyimbo ikulira, mtima uli m'mwamba? Ayi."

"Nanga titani?" anafunsa Odessa.

"Tichotsa kupidiguka. Akwera, aima ndi mwendo umodzi pakati pa Shelby ndi Noemi, atembenuka, atsika. Tikachita mwaukhondo tikhoza kugwira malo achitatu."

"Kuima ndi mwendo umodzi!" Odessa anawomba m'manja kamodzi. "Zimene amachita tiana ta ku pulaimale? Asisi, mwatiyendetsa mtunda wonsewu kuti tidzaonerere zimenezo?"

"Ndanena."

Odessa anakankha mpando n'kunyamuka. Zaria anatsatira mayi ake.

Dzuwa lisanalowe, Marcelle anasonkhanitsa atsikana pamalo oimika magalimoto kuseri kwa hotela, pakakapinga kena kosalala, kuti ayesere matsekedwe atsopanowo. Anali atangomukweza Noemi pamene bambo wina wa malaya akuda a bungwe, amenenso ankagona pa hotela yomweyo, anatulukira atanyamula chikho cha khofi.

"Pepani, a kochi. Kunyamulana kunja kwa matiresi n'koletsedwa. Wina akajambula, timu yonse ichotsedwa mumpikisano."

"Nanga matiresi ali kuti?"

"Ku holo. Atsekako. Mukhala ndi nthawi yanu yokonzekera mawa."

"Timphindi tija? Anzanu andiuza kuti ndisinthe nsanja chifukwa cha chitetezo. Inu mukundiuza kuti ndisayesere chifukwa cha chitetezo. Ndiye ana akachite chinthu chimene sanayeserepo, chimenecho ndiye chitetezo?"

Bamboyo anakweza mapewa. "Ine ndangokuthandizani, mayi."

Anangoyesera choyenda pansi. Terrell ankawerenga, "Faivi, sikisi, seveni, eyiti!" atsikana n'kumakweza manja kunyamula mphepo, Zaria ataima pakapinga ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Anthu odutsa ankacheuka. Noemi anayamba kuseka, ena n'kumutsatira, koma ataona nkhope ya Zaria kuseka konse kunazima.

Lamulungu m'mawa, m'chipinda chokonzekera munali phokoso la nyimbo za matimu osiyanasiyana ndi fungo la mankhwala opopera tsitsi. Anayesera matsekedwe atsopano kawiri kokha. Koyamba Zaria anapendekeka, kachiwiri zinatheka. Wa bungwe analiza wezulo kuti nthawi yatha, apite akafole kuseri kwa nsalu.

Ali pamzere, Shelby anamukoka Marcelle malaya. Mtsikanayu anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo apa maso anali atafiira.

"A Kochi, musanene kuti ndanena ndine."

"Chiyani?"

"Zaria wauza oponya aja kuti amuponyebe. Akuti apidiguka, ine ndi Noemi timugwire osamusiya mpaka pansi. Akuti inu simungachite kanthu tikakhala pabwalo." Shelby anapukuta maso. "Ndine ndinamugwira dzanja tsiku lija, a Kochi. Ndinamva likuguluka m'manja mwanga. Sindikufunanso."

Marcelle anayenda mpaka kutsogolo kwa mzere, n'kumutengera Zaria pambali. Pansi pa yunifomu, paphewa lamanja, bandeji inali itamangidwa mochita kutumba.

"Wamanga ndani iyi?"

"Amayi."

"Tamvera, mwana iwe. Ine ndikhala pafupi ndi woliza nyimbo. Ndikangoona oponya aja akugwada kuti akuponye, ndiimitsa nyimbo pomwepo, timu yonse ituluka. Wamva?"

"Simungatero."

"Undiyese."

"Phewa ndi langa!" Zaria anakweza mawu mpaka atsikana a timu ina anacheuka. "Ndi langa, si lanu! Inu chaka cha mawa mubweranso ndi ana ena. Ine ndibweranso liti?"

"Ndi lako, inde. Koma manja okugwira ndi a anzako. Wawafunsa ngati akufuna?"

Zaria anayang'ana kumene kunali Shelby, n'kumvetsa amene waulula. Anakukuta mano, misozi ikulengeza koma osagwa, kuopa kuwononga zodzola za m'maso. Wolengeza anaitana dzina la timu yawo, nsalu inatseguka, ndipo mwana yemweyo anathamangira pabwalo akumwetulira mpaka mano onse poyera, monga anaphunzitsidwira.

Marcelle anaima pafupi ndi woliza nyimbo. Kuvina kunayenda bwino, kudumpha kunayenda bwino. Itafika nsanja, anayang'anitsitsa mawondo a oponya aja. Sanagwade. Anamukweza Zaria mwaulemu, anaima ndi mwendo umodzi osagwedera ngakhale pang'ono, anatembenuka, anatsika. Anthu anawomba m'manja ali chikhalire.

"Mwaukhondo," anatero Terrell atamupeza. "Mwaukhondo ngati m'chipatala."

"Usandiyambe."

Anakhala m'mipando ya oonerera kudikira matimu otsala. Itafika timu ya ku Dallas, imene inadulidwanso dzulo lake, Terrell anamugunda Marcelle ndi chigongono.

"Taonani, madamu. Sanasinthe."

Zinalidi choncho. Mtsikana wawo anaponyedwa, anapidiguka, anawongoka, ogwira aja n'kumusiya ali m'malere, chimodzimodzi mmene ankachitira Zaria. Holo yonse inaimirira.

"Adulidwanso," anatero Marcelle. "Kochi wawo alibe makutu."

Apa m'pamene anayang'ana ku tebulo la chitetezo. Chilowereni muholo anali asanayang'aneko, maso onse anali pa mawondo a ana ake. Mayi Pruitt panalibe. Pampando paja panakhala bambo wachinyamata wa ndevu zosalala, akulemba mosatekeseka. Palibe amene anatumidwa kukaitana kochi wa ku Dallas.

Marcelle anatsika masitepe osadziwa n'komwe kuti wanyamuka. Atafika patebulo anawerenga dzina pachifuwa cha bamboyo.

"A Whitlock, ndingofunsako. Mayi Pruitt ali kuti?"

"Awasinthira ku holo ya ana aang'ono lero. Ndikuthandizeni?"

"Zimene achita a ku Dallas zija, kusiya manja asanamuwakhe, n'zololedwa?"

"Sitikambirana za timu ya eni, mayi."

"Chabwino. Timu yanga itachita zimenezo?"

"Bola akhale atawongoka. Kupidiguka kumatha mutu ukabwerera m'mwamba. Lamulo likunena momveka."

Momveka! Marcelle anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Dzulo andidula pa chinthu chomwecho. Patebulo lomweli. Pampando mwakhalapowo."

"Pepani. Dzulo ine ndinali ku holo ina."

"Ndiye bwezani mapointi anga a dzulo."

"A dzulo anatsekedwa dzulo. Mukanadandaula nthawi yomweyo."

"Ndinadandaula! Kwa munthu yemwe anandidulayo! Ndasintha nsanja yonse, ndakangana ndi makolo, ndaliza mwana, chifukwa anandiuza kuti adulanso. Nanga bwanji palibe anandiuza kuti lero pakhala wina?"

"Ndandanda ya oweruza sitiulula, mayi. N'chimodzimodzi kwa aliyense." Bamboyo anayang'ana kumbuyo kwa Marcelle, kumene timu ina inali kulowa pabwalo. "Mundikhululukire, ntchito yayambanso."

Pa mwambo wolengeza opambana, atsikana anakhala pansi mozungulira atagwirana manja, mitu itawerama. Timu ya ku Opelousas inatchulidwa pa malo achinayi. Ya ku Dallas inatenga achitatu, kusiyana kwake kochepa kwambiri moti Terrell atayang'ana pepala anangolipinda n'kuliika m'thumba. Atsikana anaimirira n'kuwombera anzawo m'manja, monga mwa mwambo.

Panja pa holo, Zaria anabwera yekha kwa Marcelle. Riboni anali atachotsa kale.

"Ndi zoona zimene akunena a Terrell? Kuti tikanangosiya mmene zinalili, lero sakanadula?"

Marcelle anamuyang'ana Terrell, iye n'kuyang'ana kumbali.

"Ndi zoona."

"Ndiye tikanapita ku Florida."

"Mwina. Inde."

"Popanda ngakhale kundigwira mpaka pansi. Popanda phewa kuvuta."

"Sindikanadziwa kuti asintha woweruza, Zaria."

"Ndikudziwa kuti simukanadziwa," anatero mwanayo. Sanakweze mawu ulendo uno, ndipo kukanakhala bwino akanakweza. Odessa analiza hutala ali m'galimoto. Zaria anatembenuka, anakalowa, osakwera basi ya timu monga ankachitira nthawi zonse.

Akupita kukatenga zikwama, Marcelle anakumana ndi Mayi Pruitt mukhonde, akuchokera ku holo ya ana, nsapato atazigwira m'manja chifukwa cha kutopa.

"Ndamva zimene zachitika," anatero Mayi Pruitt asanafunsidwe. "Pepani. Koma ndikanakhalapo ine, ndikanadula onse."

"Ndikudziwa. Ndiye ndiuzeni, ana anga ndiziwaphunzitsa lamulo liti? Lanu kapena la a Whitlock?"

"Lamulo ndi limodzi."

"Mayi, musandiseketse, ndatopa."

Mayi Pruitt anapuma mozama. "Mawuwo analembedwa molakwika, zimenezo ndikuvomera. Ndanenapo kumisonkhano. Lembani kalata ku komiti ya malamulo, mwina inu akumverani."

Marcelle analemba ali m'basi momwemo, foni ikudumphadumpha m'manja pamsewu wobwerera kwawo ku Louisiana. Analemba, anafufuta mawu achipongwe, analembanso, anafufutanso. Kumbuyo atsikana anali zii, ena atagona, Shelby atatsamira pazenera. Terrell anabwera kudzakhala pambali pake.

"Sindinena kuti ndinanena," anatero.

"Wanena kale."

"Koma ndikanakhala inu ndikanachitanso chomwecho, madamu. Pakamwa pokha ndi pamene ndili wolimba mtima."

"Pita ukakhale uko."

Yankho la komiti linabwera patapita milungu. Linamuthokoza chifukwa chokonda chitetezo cha ana, n'kunena kuti nkhaniyo idzakambidwa pa msonkhano wa m'chilimwe. Chilimwe chinafika, buku latsopano linatuluka, malamulo ena anasintha, koma mzere uja unali momwemo, liwu ndi liwu.

Zaria anabwera kamodzi kudzabweza yunifomu, itachapidwa ndi kupindidwa bwino. Anati wapeza malo pa koleji yaing'ono ya ku Eunice ndipo azigwira ntchito m'sitolo ya mankhwala Loweruka. Za masewera anati aona kaye. Anapereka moni mwaulemu, anatsanzika mwaulemu, n'kumapita, akugwedeza makiyi a galimoto ndi dzanja lamanja. Marcelle anaima pakhomo mpaka galimoto itakhota. Odessa sanamuimbirenso foni.

Chaka chatsopano chitayamba, Marcelle anamanga nsanja ina ndi mtsikana wina, wa manja aatali. Anaphunzitsa atsikana mitundu iwiri ya nsanjayo: wina wogwira mpaka pansi, wina wosiya akangowongoka. Ntchito inachuluka kawiri, ana ankasokoneza, Terrell ankadandaula tsiku lililonse. Tsiku lina Noemi, amene tsopano anali mtsogoleri wa timu, anakhala pamatiresi akupukuta thukuta n'kufunsa.

"A Kochi, nanga ku mpikisano tikachita uti?"

"Tikasuzumira kaye amene wakhala patebulo," anatero Marcelle. "Dzukani. Tiyambirenso, wogwira uja."